Za makina oyezera mapuloteni, komanso chifukwa chake labu imodzi ya tonse ikuposa ma labu khumi okhoma

Mwana wa achemwali anga akumaliza digiri ya za zakudya, nde Lachisanu lapitali anatulukira kunyumba ku Area 25 nkhope ili gwaa. Pulojekiti yake ndi ya ufa wa phala, uja azimayi amakagayitsa okha atasakaniza chimanga, soya ndi mtedza, akufuna adziwe ngati mapuloteni ali mmenemo akukwanira mwana wongosiya kumene kuyamwa. Supavaiza wamuuza kuti theka la funso lakelo atha kuliyankha pompano, koma theka linalo pokhapokha masampulo akwere ndege. Iye nkumati, amalume, si mapuloteni omwewa tinkaloweza ku sekondale kuti ndi zakudya zokulitsa, zavuta pati?

Ine ndinakhalapo tekinishani wa mu labu kwa zaka ndithu, nde funso lakelo linandikhudza, chifukwa yankho lake likufika pa nkhani yomwe sitimaikamba mokwanira, yoti ma yunivesite athu amagula bwanji makina, amawasunga bwanji komanso ndani amaloledwa kuwagwira.

Tiyambe ndi puloteniyo. Ganizirani mkanda wautali wolukidwa ndi timikanda ta mitundu 20, timikanda timeneti ndi tomwe amati ma amino asidi. Mmene tasanjidwira ndi momwe mkandawo umapindikira, ndipo kapindidweko ndi komwe kumapangitsa kuti puloteni ina inyamule mpweya mmagazi, ina igaye nsima mmimba, ina imenyane ndi tizilombo. Insulin yomwe odwala shuga amabaya ili ndi timikanda 51 basi, koma Frederick Sanger zinamutengera zaka pafupifupi 10 ku Cambridge kuti adziwe ndondomeko yake, mpaka anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1958. Ndipo kakusintha kochepa si kochepa ayi. Ana a sickle cell omwe makolo amagona nawo ku chipatala cha Central kuja, vuto lonse ndi kamkanda kamodzi pa timikanda 146 ta mbali imodzi ya hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya mmagazi ija, pa malo a nambala 6 pomwe pamayenera kukhala glutamic acid pali valine. Kamodzi kokha, koma mwana kumalira ndi mafupa usiku onse.

Nde munthu akati ndikufuna kuyeza mapuloteni, mumufunse kaye kuti ukufuna kudziwa chani, chifukwa mafunso ake alipo angapo ndipo mtengo wake umasiyana ngati kabaza ndi ndege.

Funso lotchipa ndi loti mapuloteni alimo ochuluka bwanji. Apa timagwiritsabe njira ya Johan Kjeldahl ya mu 1883, bambo ameneyu ankagwira ntchito mu labu ya kampani ya mowa ya Carlsberg ku Copenhagen. Umatenga kaufa pang'ono, kuthira asidi wamphamvu wa sulphuric, kuwiritsa mpaka zonse zide bii kenako ziyere mbee, ukatero umayeza nayitrojeni yemwe watsalamo nkuchulukitsa ndi 6.25, poti mapuloteni ambiri amakhala ndi nayitrojeni pafupifupi 16 peresenti. Njirayi ndi yodalirika ndithu, ndipo ndi yomwe imatiuza kuti soya ali cha mma 40 peresenti, mtedza cha mma 25, chimanga chosafika bwino pa 10. Koma taonani, sikuti ikuyeza puloteni, ikuyeza nayitrojeni. Ku China mu 2008 anthu ena osaopa Mulungu anazindikira zimenezi, ankathira madzi mu mkaka nkuonjezeramo melamine, mankhwala opangira mapulasitiki omwe ali ndi nayitrojeni wambiri zedi, pa mayeso mkaka nkumaoneka wabwinobwino. Ana pafupifupi 300,000 anadwala impso, ena 6 anamwalira.

Funso lachiwiri ndi lomwe mwana wa achemwali uja wakakamira, loti mapuloteniwo ndi abwino bwanji. Chimanga chathuchi puloteni yake ndi yoperewera lysine ndi tryptophan, ma amino asidi awiri omwe thupi silingapange lokha, ndichifukwa chake Likuni Phala amaikamo soya, ndichifukwa chakenso ku CIMMYT, malo ofufuza za chimanga ndi tirigu ku Mexico, Surinder Vasal ndi Evangelina Villegas anatha zaka zambirimbiri akupanga chimanga cha QPM, chokhala ndi lysine ndi tryptophan wochulukirapo, mpaka kulandira World Food Prize mu 2000. Komanso soya ukamukazinga mopyola muyeso lysine amaonongeka, ukapanda kumukazinga mokwanira amatsala ndi zinthu zotchinga kagayidwe ka chakudya mmimba. Kjeldahl zonsezi saziona, iye angokuuza nambala yomweyo ufa wopserera ndi ufa wabwino. Kuti uone amino asidi aliyense payekha pamafunika makina a HPLC, mankhwala oyera kwambiri ochokera kunja, ndi munthu woti anawazolowera makinawo.

Kenako pali funso lodula kwambiri, loti kodi mu dontho ili la magazi, kapena mu tsamba ili la chinangwa chodwala, muli mapuloteni ati ndi ati, dzina ndi dzina. Izi ndi zomwe amati proteomics, liwu loti proteome analiyambitsa Marc Wilkins wa ku Australia mu 1994, ndipo mwini ntchito ndi makina otchedwa mass spectrometer. Kunena mwachidule ndi sikelo, koma sikelo yoyeza tinthu tosaoneka ngakhale pa maikulosikopu. Umayamba wadula mapuloteni ako mzidutswa ndi trypsin, puloteni yodula mapuloteni anzake, yemweyu ali mmatumbo mwathumu, iye amadula pomwe pali lysine kapena arginine basi, nde zidutswa zake zimakhala zodziwikiratu. Zidutswazo zimadutsa mu kapaipi kopyapyala ngati tsitsi kuti zisiyane, potuluka zimapoperedwa ngati nkhungu zitapatsidwa mphamvu ya magetsi, makina nkuziyeza kulemera, kuziphwanyanso, kuyezanso tizidutswa take, kenako kompyuta imafananitsa manambalawo ndi mndandanda wa mapuloteni odziwika kale. Njira yopopera ija anaikonza John Fenn, yemwe anagawana Nobel ya 2002 ndi Koichi Tanaka wa ku Japan. Zomwe Sanger anavutika nazo zaka 10 pa puloteni imodzi, lero makina abwino amatchula mapuloteni masauzande pa ola limodzi kapena awiri.

Makinawa amamva kwambiri moti amaona ndi zomwe sunawatume. Kanthu koyamba komwe wophunzira aliyense amapeza mu sampulo yake ndi keratin, puloteni ya khungu ndi tsitsi lake lomwe. Wangoweramira pa chubu chotsegula, wavala juzi ya ubweya mwezi wa Juni, wagwira chitseko ndi gulovu nkubwerera pa benchi, basi zotsatira zako zadzadza ndi iwe mwini mmalo mwa chinangwa chija.

Tsono apa ndi pomwe nkhani ya labu ya tonse ikubwera. Mass spectrometer yabwino, monga za mtundu wa Orbitrap zomwe zinayamba kugulitsidwa mu 2005, mtengo wake ndi madola mazanamazana a masauzande, zina kufika miliyoni. Anthu amadabwa ndi mtengowo koma kugula ndi mbali yophweka, donor atha kukugulira. Chovuta ndi kuwadyetsa. Mkati mwake mumayenera kukhala mopanda mpweya ngakhale pang'ono, mapampu amazungulira usana ndi usiku osapuma, nde magetsi akangothima mwadzidzidzi sikuti akabwera ungoyatsa nkupitiliza ayi, umadikira usiku onse kapena kuposa kuti mpweya uchokemonso, kenako kuwasetanso, ndipo kuthimathimako kumapha mapampu ndi ma board. Pamafunika UPS yaikulu, mabatire aja ogwirizira magetsi akathima, jenereta yoti ili ndi dizilo zoona, eyakoni yosazima, gasi wa nayitrojeni, madzi oyeretsedwa mwapadera, trypsin ndi mankhwala ena omwe amabwera pa ndege ali mozizira. Zonsezi ndi za madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti iliyonse ya labu yomwe inalembedwa mmakwacha inangosanduka pepala, osanenanso za kudikira forex ku banki miyezi. Makina akafa injiniya wake amachokera ku Johannesburg kapena kutali kuposa apo, tikiti, hotela ndi tsiku lililonse lomwe wakhala kuno zonse ndi zako.

Palibe amagula chigayo kuti azigayira banja lake lokha. Chigayo chimakhala pa msika, aliyense amabwera ndi ndowa yake, amalipira, ndalamayo imagula mafuta ndi sefa yatsopano, ndipo pamakhala munthu mmodzi yemwe amachidziwa kulira kwake moti lamba akayamba kutha amamva ndi khutu. Labu ya tonse ndi chimenecho basi. Yunivesite, kapena ma yunivesite angapo ndi malo a kafukufuku, amaika makina odula malo amodzi, amalemba anthu oti ntchito yawo ndi makinawo osati kuphunzitsa makalasi asanu, nkuika malamulo oti aliyense abwere ndi sampulo yake, a za ulimi, a za nsomba, a zachipatala, a za ziweto. Pachingerezi amati core facility. Makina amenewa amakhala bwino akamagwira ntchito tsiku ndi tsiku, akakhala miyezi osayatsidwa timapaipi timatsekeka, ma seal amauma, munthu amene anaphunzitsidwa amaiwala. Dipatimenti imodzi payokha siingapeze masampulo okwanira chaka chonse, koma mukaphatikiza onse mzere umakhalapo.

Ine ndinaziona ndi maso zomwe zimachitika zikakhala za aliyense payekha, malo ake sinditchula. Kunali chipinda chokhoma, mkati muli HPLC yatsopano yobwera ndi pulojekiti inayake, atayiphimba ndi nsalu yoyera ngati maliro. Pulojekiti inatha, bwana yemwe dzina lake linali pa pepala anapita kunja kukapanga PhD, kiyi anasiyira munthu yemwe anauzidwa kuti asatsegulire aliyense. Zaka zitatu. Ife a khomo loyandikana nalo tinkalongedza masampulo mu dry ice, ayisi wouma wozizira kwambiri uja, kutumiza kunja, kulipira madola, pa ntchito yoti makina aja akanaigwira masana amodzi. Tsiku lomwe anatsegula, column, kapaipi kosiyanitsira zomwe zili mu sampulo, inali itauma, layisensi ya pa kompyuta itatha, mphemvu zitamanga mudzi kuseri kwa pampu. Ndipo sindingamunene bwanayo kuti ndi woipa mtima, iye ankaopa kuti wina akaononga palibe ndalama yokonzera ndipo mlandu ukhala wake, poti panalibe dongosolo lililonse lonena kuti makina akafa amalipira ndani.

China chomwe chimandiwawabe mpaka lero ndi filiji. Masampulo a mapuloteni amasungidwa pa madigiri -80, akasungunuka ndiye kuti mapuloteniwo ayamba kudyana okhaokha. Wikendi ina magetsi anapita Lachisanu madzulo, jenereta inalibe dizilo, alamu inalira mchipinda mopanda munthu. Lolemba mmawa mtsikana wina wa masters anatsegula nkupeza timachubu take tonse tili madzi, ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi yomwe ankayenda pa njinga yamoto mmidzi kutolera. Anangokhala pansi pa simenti pompo osayankhula. Mu labu ya tonse yoyenda bwino filiji ngati imeneyo imakhala ndi munthu wa pa dyute yemwe foni yake imalira kutentha kukangokwera, chifukwa mukakhala ambiri ndalama yolipira munthu ameneyo imapezeka.

Anzathu ena anazipanga kale. Ku Stellenbosch ali ndi Central Analytical Facilities, makina odula a yunivesite yonse ali pansi pa ofesi imodzi ndipo ngakhale wakunja atha kutumiza sampulo nkulipira. Ku Cape Town kuli CPGR yomwe inayamba mu 2006 kuthandiza ofufuza ndi makampani pa za majini ndi mapuloteni. Ku Nairobi kuli BecA-ILRI Hub komwe asayansi a za ulimi ochokera maiko osiyanasiyana a mu Africa akhala akupita kukagwiritsa ntchito makina. Nthawi zambiri ma labu otere amayenda chonchi, umabukitsa nthawi pa intaneti, wophunzira wa pompo amalipira pang'ono, wa yunivesite ina amaonjezerako, kampani imalipira mtengo wonse, ndipo ndalama ya kampaniyo ndi yomwe imapepukitsa wophunzira. Usanabweretse sampulo umakhala kaye pansi ndi a mu labuyo kukambirana, ndipo kukambirana kumeneku ndi theka la phindu lonse, chifukwa ndi pomwe amakuuza kuti masampulo atatu sakukwana, kapena kuti sopo amene wasungunulira mapuloteni akoyo atsekereza makina.

Nde taganizani Lilongwe mmene yakhalira. Bunda ili makilomita pafupifupi 30 kuchoka mtauni, NRC ndi Chitedze zili njira ya ku Mchinji, KUHeS ili ndi kampasi pafupi ndi Central pomwe palinso UNC Project, labu yaikulu ya za ziweto ili mtauni momwemuno. Onsewa munthu atha kuwazungulira tsiku limodzi ndi kabokosi ka ayisi. Ndipo mafunso a mapuloteni ali paliponse. Oweta nkhuku amadandaula kuti chakudya chalembedwa mapuloteni 21 peresenti pa thumba koma nkhuku sizikukula, ofufuza za nsomba akufuna cholowa mmalo mwa usipa mu chakudya cha chambo, opanga chiponde ndi ma soya pieces akufuna ziphaso zoti agulitse kunja. Kuchipatala nakonso, kachipangizo koyezera malungo kaja amakubaya pa chala kamafufuza puloteni ya kachilombo yotchedwa HRP2, ndipo ku Peru ndi ku Eritrea kunapezeka tizilombo tosapanga puloteni imeneyi moti munthu akudwala koma kachipangizo nkumati alibe. Katemera wa malungo wa RTS,S yemwe anayambira ku Mitundu konkuno mu Epulo 2019 nayenso ndi chidutswa cha puloteni ya pakhungu la kachilomboko. Dziko lomwe likubaya ana ake puloteni likuyenera kukhala ndi anthu ambiri odziwa kuyeza puloteni.

Apa ndafika pa mbali yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa kafukufuku, ndiyo kuphunzitsa. Ana athu ambiri amamaliza digiri ya sayansi atajambula makina pa bolodi, kuloweza mbali zake, kukhoza mayeso bwinobwino, koma pipeti, kachipangizo kotungira timadontho ta sampulo, sanaigwirepo kupatula tsiku limodzi pa gulu la anthu 15 pomwe mmodzi amagwira ena nkumaonerera pa phewa. Si ulesi wa ma lekichala, zipangizo ndi zochepa ndipo zomwe zilipo zimatetezedwa ngati mazira. Koma pali zinthu zoti buku silingakupatse. Uthire puloteni mu mankhwala a Bradford oyezera kuchuluka kwa puloteni uone akusintha kuchoka kofiirira kupita kobiriwira ngati thambo, nthawi yomweyo pamaso pako. Uthire wekha jelo ya SDS-PAGE yosiyanitsa mapuloteni malinga ndi kukula kwake, njira ya Laemmli ya 1970 yomwe dziko lonse likugwiritsabe, dzanja likunjenjemera pofuna kulowetsa kadontho mu kadzenje kopyapyala, mawa lake ubwere upeze timizere tabuluu tandandalika, uwu ndi wa soya, uwu ndi wa nyemba, ndipo mzere wako wapindika chifukwa unathira mchere wambiri. Ukalakwitsa chonchi kamodzi suiwalanso. Labu ya tonse imatha kukonza sabata ziwiri za maphunziro otere kwa ana a masukulu osiyanasiyana nthawi ya holide, imatenga ma intern, ndipo tekinishani wa pamenepo amakhala mphunzitsi weniweni ngakhale dzina lake silikhala pa timetable.

Mbali ina ya ntchitoyi siifunanso makina nkomwe. Zotsatira za mass spectrometer ndi mafayilo akuluakulu, ndipo ofufuza a dziko lonse amaika mafayilo awo poyera pa intaneti pa tsamba la PRIDE, mndandanda wa mapuloteni uli ulere pa UniProt, maonekedwe a mapuloteni mamiliyoni ali pa AlphaFold, pulogalamu ya kompyuta yolosera kapindidwe ka mapuloteni, yomwe inapezetsa Demis Hassabis ndi John Jumper Nobel ya 2024 pamodzi ndi David Baker. Mwana wa laputopu ndi bandulo atha kuphunzira kusanthula zimenezi ali ku Kawale, chomwe akusowa ndi munthu womulondolera, ndipo munthu ameneyo malo ake ndi mu labu ya tonse.

Sindikunena kuti kugawana kulibe mavuto ake, alipo ndipo ena ndi oipa. Mzere umatalika nthawi yomwe aliyense akuthamangira kumaliza thesis, ndipo ngati palibe lamulo lolembedwa masampulo a pulofesa amadumpha a mwana wa chaka chomaliza. Ndalama zomwe labu yatolera zikalowa mu akaunti yaikulu ya sukulu, tsiku lofuna kugula column umauzidwa kuti zinapita ku malipiro, nde labu imafa ili ndi makasitomala. Pali mkangano wa maina pa pepala lofalitsidwa, tekinishani wagwira ntchito miyezi itatu, kuganiza nawo, kukonza njira, koma osatchulidwa ngakhale pothokoza, mapeto ake akapeza mwayi ku Gaborone kapena ku kampani amapita ndi luso lonse mmutu. Ndipo funso loti labuyo ikhale pa kampasi ya ndani litha kudya zaka zisanu za misonkhano ku nyanja.

Komanso ine sindingalangize kuti tiyambire pa Orbitrap. Tiyambe ndi zomwe zilipo kale mzipinda zokhoma zija, tizilembe zonse pa mndandanda umodzi woti aliyense aziuona, chili kuti, chikugwira kapena chinafa, kiyi ali ndi ndani. Pakhale magetsi osazima a sola ndi mabatire pa chipinda chimodzi, mafiliji a -80 awiri, madzi oyera, Kjeldahl, ma jelo, ELISA yofufuzira puloteni imodzi yomwe ukuifuna, HPLC imodzi yoyenda tsiku lililonse, ndi matekinishani atatu olipidwa bwino omwe ali pa ntchito yokhazikika osati ya pulojekiti. Zofuna mass spectrometer yaikulu zitha kumatumizidwabe kunja, koma zitakonzedwa bwino konkuno, chifukwa mapuloteni ukawadula kale ndi trypsin nkuwaumitsa amayenda bwino kuposa magazi kapena masamba aawisi omwe amadalira dry ice, yemwe amatha ngati bokosi lachedwa pa eyapoti masiku awiri. Labu imodzi ikamatumiza za anthu onse pamodzi mtengo umatsika, mapepala a chilolezo chotumizira masampulo kunja amadziwika njira yake, ndipo masampulo akachuluka mpaka kutumiza kuyambe kudula kuposa kugula, pamenepo ndi pomwe mumakagogoda kwa donor muli ndi manambala mmanja.

Mwana wa achemwali uja tinakhala pa khonde mpaka mdima tikuwerengetsera. Tagwirizana kuti apange Kjeldahl pa maufa ake onse 12, aonjezere jelo kuti aone ngati kukazinga kukusintha timizere ta soya, lysine amusiye kaye. Ndamuuza kuti pa ufa uliwonse apatule magalamu 50, atsekere mu botolo losalowa mpweya, alembe deti ndi mudzi ndi pensulo osati cholembera cha inki poti inki imafufutika mu filiji, ndipo mabotolowo awagawe pawiri, ena kusukulu ena abweretse kuno tiike mu filiji ya kunyumba pansi pa nyama.